Kapu Yofiira ya Pawindo

Mwana wanga wamkazi amagwira ntchito ya makompyuta ku Blantyre. Tsiku lina anandidandaulira za vuto limene limamuzunguza: makina awiri amafika pa fayilo imodzi nthawi imodzi, onse amaona kuti palibe waigwira, onse n'kulembamo, zinthu n'kusokonekera. Ndinamuuza kuti vutolo linabadwira m'nyumba mwanga, chakuno ku Thambani, ndipo fayiloyo anali iyeyo.

Zinali zaka zija anthu ankathawa nkhondo ku Mozambiki. Kwathu kunafikira alamu anga, akulu ake a mkazi wanga, ndi ana awo. Tinathithikana moti munthu akafuna kuyetsemula ankayamba wapempha malo. Sindikunama ayi.

Mwana wanga uja, akadali wa kumsana, anadwala malungo. Kuchipatala anatipatsa mapiritsi n'kutichenjeza kuti tisapyole muyezo, amapha. Poti azimayi anali awiri, ndinaika lamulo: wommwetsa akamaliza azivundikira kapu yofiira ya pawindo. Kapu ikakhala chagada, ndiye kuti mwana sanamwe.

Masana ena mkazi wanga anaona kapu ili chagada, anatenga piritsi n'kupita nalo kuseri kukaliphwanya. Alamu analowa, nawonso anaona chagada, anammwetsa mwana, n'kutuluka kukatsuka sipuni. Mkazi wanga anabwera n'kummwetsanso. Anakumana pawindo, aliyense dzanja lili pa kapu.

"Siyani, achemwali, ndammwetsa ndine," anatero mkazi wanga.

"Iwe? Ine ndiye ndammwetsa!"

Njinga ndinaipalasa tsiku limenelo mpaka tcheni linayamba kununkha ngati chimanga chootcha. Ndikulumbira. Mkazi wanga anali pakaliyala, mwana ali lende m'manja, alamu akuthamanga m'mbuyo chitenje chili m'manja.

"Akupuma?" ndinkafunsa pa chitunda chilichonse.

"Palasani, bambo ake! Inu ntchito yanu ndi miyendo."

Pa chitunda chomaliza ndinafunsanso, koma sanandiyankhe. Ndinaopa kutembenuka.

Anamwino anamulandira mwanayo, anafunsa kuti wamwa nthawi yanji, n'kutiuza kuti tidikire panja. Ndinakhala pakhonde. Chitseko chikati kwee, ndinkadzambatuka. Alamu anafika ali wefuwefu, fumbi mpaka m'nsidze.

"Alamu," anatero, "mutu wanuwo ndi woikapo chipewa basi. Kapu yovundikira pomaliza ithandiza ndani? Wotenga piritsi azinyamula kapuyo pompo. Wina akaipeza palibe, manja ake akhale m'chiuno."

Ndinafuna kuwabwezera, monga timachitira paulamu. Koma iwo anayamba kulira. Anati wawo wamng'ono anamusiya m'manda a m'tchire pothawa, sangaikenso wina ndi dzanja lawo lomwe.

Dzuwa litapendeka anamwino anatiitana. Mwana anali maso, akuyang'ana denga. Ndinamunyamula, anandisanzira malaya onse mpaka m'thumba, kenako anatambasulira manja kwa alamu. Alamu anabisa manja kumbuyo. Mkazi wanga anam'chotsa mwanayo kwa ine n'kuwaikira pachifuwa.