Chitsime cha Mpingo Wathu ku Nsaru

Ntchito yokumba zitsime ndinaipeza pakhomo pa tchalitchi, Lamulungu lina mapemphero atatha. Munali m'zaka za m'ma 1950, anthu asanaiwale njala ya 49. Ine ndinali nditangokwatira kumene, ndikukhala chikamwini m'mudzi wina kumpoto kwa Nsaru, ndipo mumtima ndinali nditatsimikiza zopita ku Halale monga anzanga. Tchalitchi chathucho chinali chomata ndi dothi, chofolera udzu. Abusa ankabwera mwa apo ndi apo. Masabata ena onse ankatitsogolera anali a Filimoni, mkulu wa mpingo, amenenso ankaphunzitsa ana sukulu m'nyumba yomweyo.

Chilimwe chikafika pachimake dambo lathu linkauma, amayi n'kumapita kutali kukapala madzi m'mchenga. Mpingo unagwirizana zokumba chitsime pafupi ndi tchalitchi, ndipo unaitana a Gidiyoni, bambo wamtali, wa imvi m'mbali, amene anakhala zaka zambiri m'migodi ya ku Halale. Lamulungu lija iwo anaima pakhomo akuyang'ana amuna onse potuluka. Atafika pa ine anandiyang'ana mapewa.

"Kodi iwe ndiwe Yosefe? Ukauzidwa chinthu umamva kamodzi?"

"Ndimamva, bambo."

"Ndiye mawa ubwere. Ndikufuna munthu wowonda, wonenepa amadzaza dzenje."

Tinayamba m'mawa mwake. A Gidiyoni anakhoma chikhomo pansi, n'kumangirira chingwe, n'kulemba mzere wozungulira ndi kamtengo. Anadulanso ndodo yolingana ndi kukula kwa dzenjelo, ndipo ndodoyo ndinkatsika nayo tsiku ndi tsiku kuti chitsime chisakule kapena kupanikizika. Khasu, piki ndi fosholo anazidula mipini, chifukwa mpini wautali m'dzenje umagunda khoma. Panalinso mgwala woswera miyala, ndowa yotulutsira dothi, ndi mwala womangirira ku ulusi woonera ngati khoma lawongoka. Dzenje litapitirira msinkhu wa munthu, tinazika mphanda ziwiri, uku ndi uku, n'kupingasa mtanda wokhala ndi chogwirira. Pamtandapo ndi pamene pankakulungika chingwe cha khonje. Wopukusa anali Binisoni, mnzanga wa m'mudzi momwemo, mwamuna wa mikono ikuluikulu. Wokumba ndinali ine.

Dothi lili ndi misinkhu yake. Poyamba pali lakuda la m'munda, kenaka katondo wofiira. Pansi pa katondo tinapeza lubwe wouma gwa, wofuna mgwala, amene anandisenda m'manja mpaka zikhatho zinachita zipsera. Titaboola lubwe tinalowa m'dothi loyera, lofewa, lozizira. M'mawa uliwonse ndisanatsike a Gidiyoni ankayatsa koloboyi n'kumuika m'ndowa, n'kumutsitsa pang'onopang'ono. Akazima ndiye kuti mpweya wa pansi ndi woipa, ndipo tinkamanga nthambi za masamba ku chingwe n'kumazikweza ndi kuzitsitsa mpaka nyaliyo ikayake bwino. Ndinkatsika nditamangidwa chingwe chachiwiri m'khwapa, ndipo sankalola kuti ndichimasule ngakhale chinkandisokoneza pokumba.

Lamulo lawo lalikulu anandiuza kamodzi kokha. "Wa pansi saona, Yosefe. Woona ndi wa pamwamba. Ndikati kwera, usafunse chifukwa. Chifukwacho udzachimvera kunja kuno."

Amene sanatsikepo m'chitsime sadziwa mmene dziko limachepera. Kumwamba konse kunkasanduka kanthu kozungulira ngati lichero, kobiriwira, kakutali. Mtambo ukamadutsa ndinkaona ngati chitsime ndicho chikuyenda, ine ndili m'katimo. Kunja Okutobala ankawotcha, nyenje zikulira, koma pansi pankazizira, pakununkhira mvula yoyamba. Mawu a anthu ankandifika mochedwa, ofewa, ngati akuchokera tsidya la mtsinje. A Gidiyoni anali ndi kagalasi kamene ankatchera dzuwa n'kuliponya pansi, ndipo kadzuwa kameneko kankayenda m'khomamo mwakachetechete, kuzungulira, kutsika, mpaka kudzakhala pa phazi langa. Nthawi zina ana a sukulu ankayamba nyimbo m'tchalitchi muja. Ndinkaima, piki ili m'manja, osadziwa bwino ngati ndili maso.

Masana ankanditulutsa, tonse n'kukhala pansi pa mkuyu. Mabanja a mumpingo ankatibweretsera chakudya mosinthana: lero mbatata yophika, mawa thobwa ndi mtedza, mkuja chinangwa. Ena anali osauka kwambiri, koma tsiku lawo silinkadumphidwa. A Filimoni ankabwera kudzakhala nafe, ndipo ankakonda kusimba za Akhristu oyamba aja. Ankati anthuwo analibe matchalitchi, ankasonkhana m'nyumba za anzawo, ena m'mapanga a pansi pa nthaka, ndipo wokhala ndi chakudya sankadya yekha. Tsiku lina anasimba za mtumwi amene anzake anamutsitsa pa linga la mzinda ali m'dengu.

Binisoni anaseka. "Mtumwi wathunthu m'dengu, ngati nkhuku yopita kumsika eti?"

"Eya," a Filimoni anatero. "Ulaliki wake wonse tsiku limenelo unali m'manja mwa ogwira chingwe. Mayina awo sitiwadziwa."

Ine nkhanizi zinkanditsata m'dzenje. Ndinkaganiza za anthu akalewo ali pansi pa nthaka ngati ine, akuimba motsitsa mawu, ndipo ndinkamva ngati ali pafupi, kuseri kwa dothi loyeralo. Komabe mawu oti chisomo sindinkawamvetsa. Ndinakulira pa khasu. Ndinkadziwa kuti munthu amakolola pamene walima, ndipo ndinkaona ngati kwa Mulungu nakonso zili choncho.

Tsiku lovutalo linayamba bwino kuposa ena onse. Dzuwa litakwera pang'ono, piki inalowa m'mchenga wonyowa. Ndinautapa n'kuufinya, ndipo madzi anadontha pakati pa zala. Ndinafuula kuti, "Madzi! Bambo, madzi!" Binisoni anafuula nawo, ndipo ndinamva ntchembere ina ikululuta chapatali. Ndinagwada n'kuyamba kupala ndi manja. Kadzenje kamene ndinapalako kanayamba kudzaza pang'onopang'ono, madzi otuwa akutuluka pansi ngati chinthu chamoyo. Ndinafuna kudzaza ndowa yoyamba kuti ndiitumize kwa amayi aja. Kadzuwa ka m'galasi kanali kakuyenda m'khoma pamwamba pa mutu wanga. Kenaka kanaima malo amodzi.

"Yosefe, kwera."

Mawuwo anali abata, ngati akundiitana kukamwa thobwa. Mtima wanga unakana. Madzi amene tinawafunafuna masabata onsewo anali m'manja mwanga, ndowa ili pomwepo. Koma ndinaimirira. Piki ndinaisiya, ndowa ndinaisiya, n'kugwedeza chingwe kuti akoke. Mapazi anali atangochoka pansi pamene ndinamva phokoso ngati la thumba la chimanga likung'ambika. Khoma la dothi loyera linagumukira m'kati. Mchenga unandimenya kumsana, n'kundikwirira mpaka m'chiuno. Ndikadakhala chigwadire ukadandikwirira mutu.

Pamwamba napo nthaka ya m'mphepete inatsetsereka, mphanda imodzi n'kupendama, mtanda n'kugwa cham'mbali. Izi ndinazimva pambuyo pake. Pa nthawiyo ndinkangoona fumbi, ndipo lichero lija la kumwamba linasanduka lofiirira, likuvina. Miyendo sindinkaimva. Ndinayamba kupalasa khoma ndi zala kuti ndidzizule, koma ndikapalasa, mchenga wina unkatsika n'kufika m'nthiti.

"Leka kulimbana nawo!" a Gidiyoni anakuwa. "Chotsa manja m'khoma. Uwakweze m'mwamba, ugwire chingwe. Usachite kanthu. Tikukoka ndife."

Pa malamulo onse amene anandipatsa, limeneli ndilo linali lovuta. Thupi lonse linkafuna kudzipulumutsa. Ndinatseka maso n'kukweza manja. Ndinakhala choncho, wolendewera, wopanda ntchito, ndikupuma pang'onopang'ono chifukwa mchenga unkandifinya. Mantha anayamba kuchoka, m'malo mwake munabwera bata lachilendo. Ndinamva mapazi ambiri akuthamanga pamwamba, nthaka ikunjenjemera nawo. Ndinamva mawu a a Gidiyoni akulamula kuti agoneke mtanda uja pakamwa pa chitsime, chingwe chidutse pamwamba pake, anthu aime kutali ndi m'mphepete. Kenaka wina anayambitsa nyimbo yokokera, ena n'kuvomera. Inandifika ngati ija ya anthu a m'mapanga amene ndinkawaganizira.

Chingwe chinandiluma m'khwapa mpaka ndinaona nyenyezi masana. Anakoka, n'kupumira, n'kukokanso. Mchenga unandigwira ngati sukufuna kundipereka. Ulendo wina chingwe chinawapulumuka n'kuthamanga m'manja mwawo, ine n'kubwerera pansi pang'ono, koma anachigwiranso. Kenaka mwendo umodzi unazuka, winanso n'kutsatira, kabudula n'kutsalira komweko. Ndinakwera ndikuzungulira, kumwamba kukukulirakulira, mpaka manja ambiri anandigwira n'kundigoneka pa udzu. Wina anandifunditsa chitenje. Mkazi wanga anali atagwada pambali panga, akulira osatulutsa mawu.

Nditapuma ndinaona anthu amene anandikoka. Panali Binisoni ndi a Filimoni, amayi ochokera kudambo mitsuko ataisiya m'njira, amuna amene ankathirira nazale za fodya, ena a mpingo wa Katolika ochokera m'mudzi wa kutsidya, ena osapemphera n'komwe. A Gidiyoni anakhala pansi chapatali. Anati anaona kamng'alu m'khoma, mchenga ukutsika ngati ulusi. Chitsime chimenecho sitinachipulumutse. Tinachikwirira, ndipo piki yanga ikadali momwemo mpaka lero. Chachiwiri tinakumba chapamtunda pang'ono, titawotcha njerwa zomangira khoma tikangofika pa dothi loyera. Ku Halale sindinapitenso. Ndinakumba zitsime ku Kabudula, ku Nambuma, mpaka ku Mpingu, ndipo aliyense amene ndinamuphunzitsa ndinamuuza kuti dothi lofewa samalikhulupirira.

Koma chimene ndinasunga kwambiri ndinachiona tsiku lomwelo pansi pa mkuyu. Panali mayi wina wachikulire amene sindinkamudziwa. Anali atakhala pafupi ndi dengu lake la mtedza, manja atatambasula pa mawondo. Zikhatho zake zinali zitasupuka, khungu litachoka, chifukwa ndiye anali kutsogolo pamene chingwe chinathamanga, ndipo sanachisiye. A Filimoni ankamuthira madzi a mchere. Anandiuza kuti mayiyo anali wa paulendo, akuchokera cha ku Kabudula kupita kumsika.

Ndinakwawa n'kufika pamene anali. "Amayi, ndikuthokozeni bwanji? Kodi mumandidziwa?"

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, ngati akuona koyamba chimene wavuula.

"Iyayi, mwananga. Ndangomva kuti pansi pali munthu. Ndiye ndiwe eti? Wowonda chonchi, koma kulemera!"

Anthu anaseka, iyenso anaseka. Mkazi wanga anang'amba nsalu n'kumumanga manja, n'kumusenzetsa dengu lake pakuti yekha sakadatha. Tinamupempha kuti agone, mawa timuperekeze, koma anati msika sudikira. Ananyamuka manja atawakweza m'mwamba kuti asakhudze kanthu, akuyenda pang'onopang'ono m'njira ya ku Nsaru. Dzina lake palibe amene anakumbuka kufunsa.

Kuyambira pamenepo, mlaliki akatchula chisomo sindivutikanso kumvetsa. Ine ndinali pansi, manja ali m'mwamba, osachita kalikonse. Mabala a kutuluka kwanga anali m'manja mwa munthu wina, amene sanafunse ngati ndine woyenera.