Munda wa Mayi Namahala

Ndikukumbukira fungo la chimanga chachiwisi chongotchetchedwa kumene, pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Makwasa kumene ndinakulira. Ndinali kamtsikana kongoyamba kubereka dengu lothyolera tiyi.

Amalume anga, a Muhiwa, anali telala pakhonde la sitolo. Vuto lawo linali limodzi: aliyense wobwera ndi kabudula wong'ambika ankachoka atamva ulaliki. Ankati nthaka ndi ya amene amailima, thangata lithe, ndipo munthu wakuda adzalamulira dziko lino. Anthu ankangogwedeza mutu, maso ali pachigamba chawo. Ambirife makolo athu anachita kuthawa kwa Apwitikizi, ndiye tinkaopa kubwezedwa. Ngakhale mayi anga ankati, "Achimwene, pakamwa panupa padzatigwetsera nyumba."

Chaka china, chimanga chitamasula ngayaye, akapitawo anabwera ndi zikwanje pamunda wa mayi Namahala, amasiye, chifukwa mwana wawo anathawa thangata. Anatchetcha munda wonse dzuwa likuswa mtengo. Mayiwo sanalire. Anangokhala pansi atatambalala, akutolera tizimanga tosakhwima m'nsalu.

Tonse tinkayembekeza kuti amalume alalikira.  Koma m'mawa mwake anasiya makina, nkunyamula khasu ndi mbewu ya mbatata, nkukayamba kuunda mizere m'munda womwewo, akapitawo akuona. Bambo wina, a Nakoma, anawafunsa ngati sakuopa.

"Ndikuopa," anatero amalume. "Katengeni khasu, tiziopera limodzi."

Pofika masana makasu anali atachuluka. Belu la esiteti linalira, koma palibe anapita. Masiku otsatira tiyi anakula osathyoledwa, ndipo anthu ankangogwedeza mutu aja ndiwo ankabwereza mawu a amalume m'Chilomwe chathu, kuchitsime ndi kumaliro.

Kenako kunabwera magalimoto a asilikali. Mfuti zinalira, a Nakoma anagwera pamzere wa mbatata, osadzukanso. Amalume anatengedwa ali omangidwa. Anabwerako patapita zaka, akutsokomola magazi, osathanso kupalasa makina. Zoti dziko lalandira ufulu anazimvera pamphasa, ndipo sanakhalitse.

Lero thangata linatha, ndipo timavota. Andale amabwera ndi zimkuzamawu, amagawa nsalu, fumbi lisanakhazikike apita. Tiyi akadali wobiriwira mpaka kuphiri, ife tili pakati. Chaka chatha mdzukulu wanga atamwalira, tinapeza manda athu atadzaza. Tinachita kukapempha kuesiteti malo omuika.