Pepala la pakhoma linatsala pang'ono kuchotsa munthu ntchito

Lachiwiri m'mawa ndinapita ku ofesi ina ya zaulimi kuno ku Salima kukatenga ndondomeko ya chionetsero cha mpunga chimene chinali kudzachitika ku Maganga mawa lake. Ndinapeza mlembi, Mayi Gondwe, atagwira tsaya. Mayiwa angobwera kumene kuchokera ku Rumphi, ndipo akadali pa miyezi yoyesedwa ntchito.

Patebulo panali mapepala otuluka mu pulinta. Mzere uliwonse unali woduka chakumanja. Dzina la mlendo wolemekezeka wochokera ku Lilongwe linatuluka theka, udindo wake osaoneka n'komwe. Owerenga, inu mukudziwa: dzina la munthu wamkulu silidulidwa, ngakhale ndi makina. Ndipo wofunsidwa sakhala makinawo. Amakhala amene watayipa.

"Bambo, ine ndangotsatira zimene zalembedwa apo," anatero akuloza pakhoma.

Ndifotokoze pang'ono, poti ambirife kompyuta sitinaigwirepo. Pulogalamu yolembera makalata ikamayamba ntchito, imawerenga kaye kafayilo kakang'ono ka makonzedwe. Kafayiloko ndiko kamaiuza kukula kwa pepala, pothera mzere, ndi mtundu wa pulinta. Kakalakwika, zonse zimalakwika.

Pepala la pakhomalo, lachikasu ndi ukalamba, linkati: magetsi akazima ndipo pulogalamu ikasokonezeka, tengani diski yofiira m'kabati, mukopere fayilo ya makonzedwe mu kompyuta. Lolemba magetsi anazimadi. Mayi Gondwe anachita ndendende zimene pepala linanena. Chimene silinanene n'chakuti diski yofiirayo ili ndi makonzedwe a pulinta yakale, yaikulu m'lifupi, imene inafa chaka chatha.

Posakhalitsa analowa a Mbewe, mkulu wa makalaliki, thalauza akadalimanga ndi mphira wa panjinga.

"Aaa, mayi! Mwagwira diski yofiira? Imeneyo tinasiya kale. Aliyense akudziwa!"

"Aliyense wake uti, a Mbewe? Kodi nkhaniyo munailengeza pa wailesi kuti ife a ku Rumphi timve?"

A Mbewe anaseka, n'kukhala pa mpando. Anatsegula kafayilo kaja, anasintha pothera mzere ndi dzina la pulinta. Pulinta inalira, pepala linatuluka. Dzina la mlendo lathunthu, udindo wathunthu. Mayi Gondwe analiwerenga ndi chala mpaka pansi. "Mulungu ngwabwino," anatero. Inenso mtima unakhala pansi, ngakhale ntchito sinali yanga.

Koma utolankhani ndi matenda. Ndinafunsa a Mbewe chifukwa chimene sanakonzere pepala la pakhoma pa tsiku limene anakonza fayilo chaka chatha, itabwera pulinta yatsopano.

"Lili ndi chidindo, akulu. Anasaina ndi bwana akale. Ine ndine ndani kuti ndikhwatche siginecha ya bwana?"

Bwana akalewo anasamutsidwa kalekale. Chidindo chawo chinatsala chikulamulabe khoma.

Kodi ndi ofesi yokhayi? Yendani muone. Pa siteji ya basi pali chikwangwani cha nthawi zimene madalaivala anaiwala. Pakhomo la ofesi ina pakadali dzina la munthu amene anapuma ntchito. Ife akale timadziwa zoona zake, timangouzana pakamwa: icho musachikhulupirire. Pepala timalilemekeza moti sitilikhudza, koma sitilitsatira. Amene amalitsatira ndi mlendo, chifukwa iye alibe womunong'oneza.

Timakonda kunena kuti safunsa anadya phula. Koma munthu afunsenso chiyani, yankho litapachikidwa pakhoma, lili ndi chidindo? Wodyetsa phula pano ndi amene anasiya pepalalo.

Nkhani sinathere pamenepo. Mkulu wa ofesi, a Mwale, anabwera kudzatenga ndondomeko ija. Mayi Gondwe anaimirira, manja kumbuyo.

"Bwana, pepani. Pepala ilo likanandichotsa ntchito lero."

A Mbewe anayang'ana pansi. A Mwale anavala magalasi, n'kuliwerenga.

"Kodi likadali lomweli? Ine ndimayesa munalisintha itabwera pulinta yatsopano."

"Timadikira inu, bwana," anayankha a Mbewe.

"Inenso ndimadikira inu!"

Chaka chathunthu, anthu awiri akudikirana m'nyumba imodzi, zitseko zawo zoyang'anizana.

A Mwale analimatula okha pepalalo. Anauza a Mbewe kuti azinena, Mayi Gondwe azitayipa, ndipo paliponse pamene mayiwo sakumva, alembenso mpaka amve. Pepala latsopano likufotokoza kumene fayilo ya makonzedwe ili, zimene mzere uliwonse umachita, ndi pulinta imene likunena. Pamwamba pali tsiku limene lalembedwa. Pansi pali lamulo limodzi: wosintha fayilo asinthenso pepalali tsiku lomwelo, chidindo chibwera pambuyo. Pa diski yofiira Mayi Gondwe analembapo ndi zilembo zikuluzikulu kuti YAKALE.

Ndinatuluka ndondomeko yanga ili m'manja, dzina la mlendo lili lonse. Mayi Gondwe akadali pa ntchito.

Nanga inu, pakhoma la kuntchito kwanu pali pepala liti limene aliyense akudziwa kuti n'labodza? Ndipo mukudikira ndani?