Mayi Amene Sanatseke Zenera

Ntchito yanga yoyamba ku Glasgow anandipezera ndi a Chisale, mkulu wa mpingo wathu. Ofesi ya loya wina ku Pollokshields inkafuna wotayipa. Ndinapita ndi mtima wanga wapachala womwewu.

Ntchito inkayenda chonchi: wothawa kwawo amafotokoza nkhani yake, womasulira amanena m'Chingerezi, ine n'kumatayipa pa kompyuta. Tikatha, womasulira amamuwerengera chikalatacho m'chiyankhulo chake, iye n'kusayina tsamba lililonse. Akasayina zolakwika, aboma amati ndi wabodza, n'kumubweza kumene anathawa.

Tsiku lina kunabwera mayi wa kum'mwera kwa Ethiopia. Fomu yake inati amalankhula Chigawada, chimodzi mwa ziyankhulo za m'gulu lotchedwa Dullay. Pamndandanda wa omasulira panalibe wochidziwa. Bwana wanga, a Morag, anati, "Itanani wa Chioromo, n'zapachibale."

Zapachibale! Chizulu ndi Chichewa n'zapachibalenso, koma kaweruzidweni m'Chizulu muone.

Womasulirayo sindinamukhulupirire kuyambira pachiyambi. Mayi akalankhula nthawi yaitali, iye ankandipatsa mawu atatu. Mayi akangoti pang'ono, iye n'kutulutsa nkhani yonse, yosalala ngati yoloweza. Powawerengera, mayiwo ankangogwedeza mutu pa chilichonse. Kugwedeza kumeneko ndimakudziwa. Ndi kwa munthu woopa ofesi.

Ndinabisa cholembera m'thumba.

"Achimwene," ndinatero, "auzeni mayiwa atseke zeneralo, kukuzizira."

Anawauza. Mayi anamwetulira, anagwedeza mutu, n'kutambasula dzanja kufuna cholembera. Zenera lili chitsegukire.

Ndinamenya tebulo. "Mukumva zimene akunena, kapena mukungopeka?"

"Ndikumva apo ndi apo," anayankha akuyang'ana pansi. "Nkhani za anthuwa zimafanana."

A Morag analowa chothamanga. Anandipatsa chenjezo lolembedwa chifukwa chokalipa pamaso pa kasitomala, ndipo pamenepo sindikana, mayiwo ndinawaopsa. Koma chikalata cha mayi aja a Morag anaching'amba okha.

Panatenga milungu kuti tipeze womasulira wa Chigawada weniweni, womasulira pafoni. Atangomva mawu ake, mayi aja anagwira foni ndi manja awiri. Chikalata choyamba chinkati mwamuna wawo anamwalira. Iwo anati ali moyo, ali m'ndende, ndipo n'chimene anathawira. Chikalata chatsopano chonena zimenezi ndicho anasayina.

Mpaka lero, ndisanapereke cholembera kwa munthu, ndimayamba ndamupempha atseke zenera.