Wolawa Mowa wa Malume

Pa wailesi ya m'minibasi ankakangana za msinkhu woyambira kumwa mowa. Bambo wina woimba foni anati boma litsitse zaka zichoke pa khumi ndi zisanu ndi zitatu zifike pa khumi ndi zisanu ndi chimodzi, poti ana a masiku ano akumwa kale. Kondakitala anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ni zoona, bana ba manje bamwa kupambana ise." Ine ndinali kumbuyo, chikwama pamiyendo, ndipo mtima unandiwira mpaka ndinatsika pa siteji yomwe si yanga. Akumwa kale, eya. Koma palibe anafunsa kuti anawayambitsa ndani. Amene anayambitsa wanga ndikumudziwa, tinayamwa bere limodzi.

Ine ndi achimwene anga tinakulira ku Kalingalinga. Bambo athu anachokera ku Malawi kudzafuna ntchito, osabwereranso. Anali ndi mwambo wawo wa pamowa: wobweretsa ayambe walawa yekha, kuti ngati wathiramo mankhwala afe nawo mwini wake. Koma bambo ankachita zimenezi ndi akuluakulu anzawo, amuna a imvi okhaokha. Achimwene, omwe ndi kalipentala, sanatengere kupemphera kwa bambo kapena kufatsa kwawo. Anangotola mwambo umodzi umenewu. Ndiye mnzawo wina wowotcherera zitsulo atamwalira ndi mimba yotupa, anthu n'kumanong'ona kuti anamuthirira, mantha a achimwene anafika posauzana.

Nthawi imeneyo mwamuna wanga anali atamwalira, ine ndikugwira ntchito ya m'nyumba ku mayadi a ku Kabulonga. Ndinkanyamuka wapansi m'mamawa, kubwerako dzuwa litapendeka. Mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo, anali ndi zaka khumi ndi zisanu, ali giredi naini. Kuti asamangoyendayenda m'komboni akaweruka, tinagwirizana kuti azikakhala pa shedi yopalira matabwa ya malume ake, aziwerenga mabuku pamenepo. Ndinawathokoza achimwene mogwada. Malume ndiye mwini mbumba, ndikanakayikira chiyani?

Lamulungu lina titachoka ku tchalitchi ndinamutuma madzi akumwa. Anabwera ndi kapu, n'kuyamba wamwako yekha, kupukuta milomo ndi kunja kwa dzanja, kenako n'kugwada kundipatsa.

"Iwe, ni chani ichi?" ndinamufunsa.

"Nazolowera chabe, ba mami. Ba malume samamwa ngati sininalawe."

"Samamwa chani?"

Anayang'ana pansi. Ndinachita kumukoka mawu ngati dzino, koma pomaliza zonse zinatuluka. Tsiku lililonse malume ankamutuma ku bala ya kuseri kwa msika. Masiku wamba unali wamasese wa m'paketi. Akagulitsa bedi kapena chitseko, unkakhala woyera uja wa m'timabotolo, wonunkha ngati mankhwala a pachilonda. Akabwera nawo, asanaupereke, ankayenera kulawa. Osati kungonyowetsa milomo ayi. Malume ankamuyang'ana pakhosi n'kumati, "Meza nione." Zinayamba chaka chisanafike pakati, ndipo apa n'kuti mvula ili pafupi.

Ndinakwiya koopsa. Ine ndimachapa zovala za ana a eni ake kuti wanga aphunzire, kumbuyo kuno mlongo wanga weniweni akumumwetsa mowa ali mu yunifolomu!

M'mawa mwake sindinapite ku ntchito. Ndinayambira ku bala kuja. Mayi wogulitsa, wonenepa, wa mawu okoma, anandilandira ngati kasitomala. Nditamuuza chomwe ndabwerera anangokweza mapewa.

"Ni ba malume bake bamamutuma. Ine nigulitsa chabe, ba sisi."

"Mwana uja ali na fifitini. Tiyeni ku polisi mukakambe ivo vamene."

Pamenepo nkhope inasintha. Anandigwira mkono, kundipatsa mpando, kulumbira kuti sadzamugulitsanso. Sanaope Mulungu, sanaope misozi yanga, anaopa lamulo basi. Ndodo yokhayo imene ndinali nayo m'manja inali nambala ija, khumi ndi zisanu ndi zitatu. Bambo wa pa wailesi uja akufuna kundilanda imeneyo. Zaka zikanakhala zotsitsidwa, mayi uja akanangodikira miyezi yochepa n'kumandiseka pamaso.

Ndisanatuluke ndinagula paketi imodzi ya wamasese, n'kuitsekula ndekha panjira. Achimwene ndinawapeza akupala thabwa la bedi, anzawo awiri atakhala pa benchi. Ndinaika paketiyo patsogolo pawo, pakati pa zipalapala za matabwa.

"Achimwene, nakubweretserani."

Anaiyang'ana, n'kuona kuti ndi yotsekula kale. "Zikomo mlongo. Lawa poyamba."

"Sinilawa. Imwani."

Anaseka, koma kusekako sikunapite patali. "Uziwa mwambo wa atate."

"Niuziwa. Manje niuzeni, kulawa kuja ni kwa chani?"

"Kuti ngati muli poizoni..."

"Afe ndani?"

Mmodzi wa anzawo aja anadzuka n'kuyamba kufunafuna misomali imene palibe anamutuma.

"Nikufunsani, achimwene. Tsiku lamene munali kuyopa lija likanafika, tikanaika ndani m'bokosi? Kapena mukanamupangira mweka bokosi la mahala, losalipira?"

Anayesa kudziteteza. Anati kunali kungolawa chabe, mwana sanaledzerepo. Anati ndi mwana wawo, sangamufunire zoipa. Kenako ananena mawu amene mpaka lero amandiwotcha: "Chaka cha mawa azankala na sikisitini, ni mukulu kale."

Zimene ndinalankhula pamenepo sindingazilembe zonse, poti ndine wa chigwirizano cha amayi ku tchalitchi. Ndinawauza kuti munthu woopa chakudya amayamba waponyera galu, ndipo iwo galu wawo anali mwana wanga. Ndinawauza kuti bambo, ndi mowa wawo wonse, sanatiyandikizepo chipanda kukamwa. Anthu anasonkhana, owotcherera anazimitsa makina awo, ine osasamala. Paketi ija inakhala pomwepo, ntchentche zikuizungulira. Sanaikhudze. Mowa wochokera m'manja mwa mlongo wawo anauopa, koma mimba ya mwana wa mlongoyo sanaimvere chisoni.

Kuyambira pamenepo mwana akaweruka ankapita kwa mayi wina wa ku tchalitchi kwathu, wosoka zovala. Mayeso anakhoza. Ine ndinadziuza kuti nkhani yatha, tazimitsa moto usanagwire denga.

Koma madzulo ena tikuchokera ku msika tinadutsa kuseri kwa bala ija. Fungo la masese linatipeza panjira, ndipo ndinaona mwana akuchepetsa liwiro. Sanaime, koma ndinaona.

"Ukali kuufuna?" ndinamufunsa.

"Poyamba unali kuwawa, ba mami, nenze kufuna kusanza. Manje siuwawa."

Ananena mofatsa, osabisa, monga mwana wouza mayi ake kuti nsapato yamuthina. Malume ndinawakalipira, mayi wa pa bala ndinamuopseza, koma lilime la mwana wanga ndikanalitengera ku polisi iti?

Pano ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Lamulo likundigwirirabe dzanja kwa chaka chimodzi, ndiye wina aziimba foni kuti chaka chimenecho n'chosafunika? Tsiku lililonse akalowa m'nyumba ndimamuitana, ati ndimukonze kolala ya malaya, n'kuyandikiza mphuno kukamwa kwake. Iye amadziwa chimene ndikuchita. Amangoima, n'kutsekula pakamwa pang'ono, n'kupuma kuti ndimve.