Chikwakwa cha a Njobvu

A Simeon Njobvu anafika ku Kitwe kuchokera ku Katete mu 1971, ali mnyamata wowonda ngati bango, akufuna kutsika pansi pa mgodi monga amuna anzawo. Dokotala anawayeza pachifuwa n'kupukusa mutu, ndipo m'malo mwa chipewa cha nyale kampani inawapatsa chikwakwa. Anachilandira monyinyirika, koma anakhala nacho zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri, akutchetcha m'mbali mwa mapaipi, m'mabwalo a mpira ndi kunyumba za mabwana. Ku Chamboli, komboni ya antchito a mgodi kumene ankakhala ndi akazi awo a Zipporah, anthu ankaseka kuti udzu ukangomva mapazi a a Njobvu umagona wokha.

Kampani inawaphunzitsa zinthu ziwiri, ndipo zinawalowa m'magazi. Choyamba, udzu wautali ndi manyazi. Chachiwiri, kukamveka kuti kukubwera alendo, munthu sadikira kuuzidwa: amatchetcha paliponse, n'kupaka miyala laimu.

Mu 1998, migodi ili pamalonda, kalata yowachotsa ntchito inawapeza. Anzawo ena anayamba kugulitsa makala, ena mowa unawatenga. A Njobvu kukhala pansi kunawakanika. Ankadzuka, kunola chikwakwa, kutchetcha pakhomo pomwe anatchetcha dzulo, mpaka a Zipporah anawachenjeza kuti akangokhudza chibwabwa chawo akagona kutchalitchi. Mwamwayi, m'bale wina wa mumpingo anawapezera ganyu pa koleji ina ya kunja kwa tauni, yomwe kale inali ya mgodi ndipo thirakitala yake inali itafa. Otchetcha analipo atatu. Koleji inapatsa a Njobvu malo otsikira kumtsinje, kuseri kwa makalasi, malo amene anawatchetcha kuyambira unyamata wawo.

Chaka chachiwiri chisanathe, anapeza malo awo atazungulizidwa chingwe. Pamtengo panali chikwangwani choti udzu usatchetchedwe. Ophunzira, motsogozedwa ndi mtsikana wina dzina lake Gwen, akuti ankafuna kuti malowo abwerere kukhala tchire monga analili mgodi usanabwere. Anabzala mbande za mitengo zogula m'timapepala, n'kumazilemba m'kabuku.

"Manje mwana wanga," anafunsa a Njobvu, "makolo anakutumizani ku sukulu kuti muziweta thengo?"

"Ba Njobvu, ni sayansi iyi," anayankha Gwen akuseka. "Imwe mupumuleko chabe."

Kupumako ndiye kunali vuto. Kapitawo anawaitanira pambali n'kuwauza mosabisa kuti ngati malo aja satchetchedwanso, anthu atatu achuluka, ndipo mwezi wa Febuluwale ukatha wamkulu pa onse ndiye adzapite. A Njobvu anachita mantha, mantha enieni a munthu wa zaka makumi asanu amene manja ake amadziwa chinthu chimodzi chokha. Mvula inkagwa tsiku ndi tsiku, udzu unafika m'chiuno, kenaka pachifuwa. Iwo ankangozungulira chingwe chija ngati mbuzi yomangidwa, akuona chiswe chikudya mbande za ana aja imodziimodzi, manja akuwayabwa.

Lachisanu lina anamva kuti Lolemba kukubwera alendo ochokera kunja kudzaona ntchito ya ophunzirayo. Alendo kudzaona thengo lotere? Ana awa adzachita manyazi, koleji idzachita manyazi, ndipo palibe amene waganizako! Apa ndi pamene akulu adzaone kuti Njobvu ndi munthu wofunika.

Loweruka m'mamawa anadumpha chingwe. Chikwakwa chinalira kuyambira dzuwa likutuluka, thukuta lili kamukamu, mtima uli mbee koyamba m'miyezi itatu. Ankatchetcha monga mwa nthawi zonse: pamene pali chitsa ankazungulira kuti mpeni usabunthe, kuti adzabwerere pambuyo pake kudzadula mphukira zake ndi nkhwangwa. Koma atangomaliza theka la malowo n'kupaka miyala ya m'njira, kunagwa chimvula. Mphukira zija zinatsala zili chilili.

Lolemba Gwen anafika alendo asanabwere, n'kuima ngati wagwidwa ndi magetsi. Mbande zake zochepa zimene chiswe chinasiya zinali zitapita ndi udzu.

"Ba Njobvu! Nindani anakuuzani? Awe, mwationongera, mwationongera zonse!" Misozi inali mbwembwembwe.

A Njobvu anavula chipewa. Anali atavala malaya a ku tchalitchi poyembekeza kuthokozedwa, ndipo tsopano anasowa poyang'ana. Alendo anafika, anazungulira mwachangu, n'kupita osanena zambiri. Masana omwewo kapitawo anauza a Njobvu kuti nkhani yatha, asadikire n'komwe kutha kwa mwezi, Lachisanu abweze chikwakwa.

Mawa lake a Njobvu anapeza Gwen atagwada pakati pa malo otchetchedwa aja, akuyang'ana kamtengo ka masamba ofiirira.

"Aka sitinabzale ise," anatero osawayang'ana. "Kachoka kuti?"

"Ni mombo uwo. Uja ni msuku, winayo muwanga. Mitengo anaigwetsa kale, koma mizu ikali pansi. Chaka chilichonse iphuka, chaka chilichonse nidula."

"Kuyambira liti?"

"Iwe usanabadwe."

Gwen anaimirira, n'kuyang'ana mphukira zoposa zana zimene udzu unkabisa, zonenepa, chiswe osazikhudza n'komwe. A Njobvu anayenda naye, akumulozera mphukira imodziimodzi n'kutchula dzina lake. Kenaka Gwen anayang'ana theka losatchetchedwa lija, lotsikira kumtsinje, kumene udzu unali wopitirira mutu wa munthu. Anathamanga kukaitana a Janeth, mphunzitsi amene ankayang'anira ntchitoyo. A Janeth anamvetsera, n'kunena kuti zitsa zonse ziyenera kupezeka ndi kukhomeredwa zikhomo moto wa m'chilimwe usanafike, ndipo kuti munthu wozidziwa akhalebe pa ntchito kufikira zitatha.

"Muzidziwa zonse, ba Njobvu? Tingatsirize masiku angati?"

Ankazidziwa zonse. Akanatha kuzilondola atatseka maso, chifukwa chitsa chilichonse chinawagwedezapo mkono. Masiku atatu akanakwana. A Njobvu anali mkulu wa mpingo, munthu woti sananamepo ngakhale kwa kondakitala wa minibasi. Anayang'ana pansi.

"Madamu, mutu wakalamba," anatero. "Nikumbukira ziwiri, kapena zitatu pa tsiku. Kupitirira apo, awe."

A Janeth anakweza nsidze, n'kucheukira kwa Gwen, amene anali atangowaona akutchula mitengo makumi atatu osapumira. Mtsikanayo anawayang'ana a Njobvu nthawi yaitali, ndipo iwo anamva manyazi mpaka m'mafupa.

"Ni zoona, madamu," anatero Gwen. "M'mawa wonse uno akumbukira chimodzi chabe."