Giya Yotsikira Mtsetse

Anthu ankawatchula kuti a Giyawani, chifukwa zaka zonse zimene anaphunzitsa anthu kuyendetsa galimoto, mawu otuluka pawindo anali amodzimodzi: "Giya wani, iwe!" Anali a mtima wapachala, ndipo sankabisa. Pansi pa mpando ankasungapo magiya awiri akutha, yaing'ono ndi yaikulu. Wophunzira akalakwitsa ankamuunjikira zitsulozo pamiyendo.

"Lumanitsa manowo. Zunguza yaing'onoyo. Waona? Iyo yazungulira katatu, yaikuluyi kamodzi. Giya wani ndi imeneyo: injini ikuthamanga, matayala akukwawa, koma mphamvu ndiye usanene. Faivi ndi liwiro lokhalokha. Potsika, mano omwewa ndi amene amagwira galimoto. Giya yomwe wakwerera phiri ndi yomwe utsikire."

Mwana wawo wachisamba anakulira nyimbo imeneyi mpaka inamukola. Atalembedwa ntchito yoyendetsa lole ya simenti, anatengera uchitsiru wa anzake: akafika pa mtsetse wautali, kuchotsa giya, lole izingotsetsereka yokha, ati kupulumutsa dizilo. Dizilo wa eni ake!

Bamboyo atamva anamulondola kudepoti, n'kumupeza akutsuka galasi.

"Ufuna undiphere mwana wanga iwe?"

"Adadi, mabuleki alipo. Za nthawi yanu zija zinatha."

"Mabuleki amapsa! Katundu yenseyo angamugwire okha?"

Anzake aja anaseka, nayenso anaseka nawo. Kuseka kumeneko a Giyawani sanakuiwale.

Tsiku limene uthenga wa ngozi unabwera, sanayambire kuchipatala. Anapita kaye kumtsetse kuja. Lole inali chagada m'ngalande, simenti ili mbuu, fungo la mabuleki opsa likadamveka. Anapisa mkono pawindo losweka n'kugwira ndodo ya giya. Inangogwedera uku ndi uku, yosalumana ndi chilichonse. Anatukwana mpaka apolisi anawachotsapo.

Pakhomo la wodi akazi awo anawagwira malaya.

"Bambo ake, chonde, musakamukalipire."

Koma iwo anali atakonza kale mawu njira yonse, onse olasa. Analowa. Mwanayo anatembenukira kukhoma. Bulangete linali phwatalala mbali imodzi, kuyambira pabondo kutsika. Bamboyo analivundukula pang'ono, n'kulibwezera.

"Mwendo wakumanzere," anatero a Giyawani. "Wopondera kilachi posintha giya."

Mawa lake wophunzira wina anazimitsa galimoto pachitunda, n'kuwerama kudikira kukalipidwa. A Giyawani anangokhala, magiya awiri aja ali pamiyendo pawo.